Mphiri ya ku Palabana sinafanane ndi za kwathu

Chala changa cha mkombaphala cha kudzanja lamanja chinatsala m'chipatala ku Lusaka mu 2024. Anthu akandifunsa ndimangoti inandiluma njoka, iwo n'kundipepesa, nkhani n'kuthera pomwepo. Yankho limenelo ndi loona, koma limabisa mbali imene imandisowetsa tulo. Njokayo sindinaiponde mwangozi m'tchire. Inakhala pafamu pamene ndimagwira ntchito, aliyense akudziwa pamene yagona, ndipo munthu amene anatsimikizira anzake kuti si mphiri, n'kuwaletsa kuichotsa, ndi ine. Chala changa chisanawole n'kuti thole la eni famu litafa kale chifukwa cha mawu angawo.

Kwathu ndi ku Katete. Njoka ndinazidziwira kokumba mbewa, tikatha kukolola, tchire litapsa. Atate ankatitsogolera m'minda ndi khasu paphewa, ndipo asanalole mwana kupisa dzanja mu una uliwonse ankayamba ayang'ana pansi mozungulira. Anatiphunzitsa kuti mphiri kawirikawiri siyenda mokhotakhota. Imadzikoka molunjika, n'kusiya pafumbi njira yotakata yokhala ndi kamzere ka mchira pakati. Zimenezo n'zoona mpaka lero. Anatiphunzitsanso maonekedwe ake. Mphiri zonse zimene ndinaziona ndili mwana zinali zambuu, zosiyana pang'ono chabe ndi dothi ndi phulusa la lupsa, mawanga ake osaoneka mpaka utayandikira. Atate ankati, "Mphiri ndi yotuwa. Ukaona njoka yonenepa ya mawanga owala, imeneyo ndi nsato, usaigende."

Nsato kwa ife Achewa si njoka wamba. Agogo ankatisimbira za kachisi wa mvula wa ku Msinja, ku Malawi, kumene kunkakhala Makewana, ndiponso za Thunga, njoka ya mizimu. Munthu wopha nsato popanda chifukwa ankamuona ngati woputa chilala. Ine ndinakulira m'tchalitchi, koma ulemu wa nsato unandilowa ndithu, ndipo ndinapita nawo kulikonse kumene ndinakafuna ntchito.

Ku Palabana ndinabwera kudzakama ng'ombe. Derali lili m'boma la Chongwe, kum'mawa kwa Lusaka, m'dziko la Asoli a Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ndipo limadziwika ndi mkaka. Kuli sukulu yophunzitsa ulimi wa ng'ombe za mkaka, ndipo m'mawa uliwonse njinga zimathamanga ndi zigubu kupita kosonkhanitsira mkaka dzuwa lisanatenthe. Famu yathu ndi yaing'ono. Eni ake ndi mayi wamasiye amene anapuma pantchito ya uphunzitsi, ndipo tonse timangowatcha amayi. Antchito tinalipo ine, mnyamata wodula udzu, ndi mlonda wa usiku, mkulu wachisoli wobadwira komweko, amene timawatcha ambuya.

Chaka cha 2024 mvula inadula pakati pa dzinja chimanga chisanabereke. Pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse. Amayi anaonera patali. Anagula gaga ndi mabelo a udzu wouma mitengo isanakwere kwambiri, n'kuunjika zonse m'kanyumba ka njerwa kogundana ndi khola la matole. Pamene pali gaga makoswe sachedwa. Anaboola matumba, anadula zingwe za mabelo, usiku ankamveka akuthamangitsana padenga. Madzi atachepa ku Kariba magetsi anayamba kuzima pafupifupi tsiku lonse, moti m'kanyumbamo tinkalowa ndi tochi ya pafoni.

Woyamba kuiona njokayo anali mnyamata wodula udzu uja. Anatuluka alibe ndowa imene analowa nayo, akuloza kumbuyo osatha kuyankhula. Tinalowa tonse, amayi ali pakhomo. Inali itadzipinda pakati pa khoma ndi belo lapansi, mutu uli pamwamba pa thupi. Sindinaonepo njoka yokongola chotero. Inali ya chikasu chowala chosakanikirana ndi kuda bii, mawanga ake olembeka bwino kuyambira pakhosi mpaka kumchira.

Ambuya anaiyang'ana kanthawi, n'kubwerera m'mbuyo. "Mwana wanga, iyi ndi mphiri. Tisagone nayo. Tiitane anthu odziwa kugwira njoka lero lomwe."

"Ayi ambuya," ndinatero. "Mphiri ndakula nayo, ndi yotuwa. Uyu ndi mwana wa nsato, watsatira makoswe."

"Nsato yaifupi chonchi, mimba yotere?"

"Yakhuta, ambuya. Simukuona makoswe achulukawa?"

Amayi anatiyang'ana tonse awiri. Ndinayankhula molimba mtima, ambuya anayankhula motsitsa mawu monga mwa chikhalidwe chawo, ndipo kulimba mtima kwangako ndiko kunapambana. Amayi anati, "Paja mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Ngati ndi nsato isiyeni. Sindifuna magazi a nsato pakhomo panga chaka cha chilala chino."

Funso la ambuya lija linali lokwanira kundipulumutsa ndikanalimvera. Nsato imaikira mazira, ndipo ana ake amatuluka ali aatali ndi oonda. Kuti nsato inenepe kufika pa msinkhu wa mkono wa munthu wamkulu, imakhala itatalika kale kuposa munthuyo. Imene inali m'kanyumbamo sinakwane ndi mita imodzi yomwe. Khungu la nsato ndi losalala, limanyezimira, pamene la mphiri ndi lokhakhala, chifukwa mamba ake aliwonse ali ndi kamsana pakati. Mutu wa mphiri ndi wophwatalala, wa makona atatu, wolumikizana ndi khosi loonda, ndipo pamsana pake pamatsika mizere yooneka ngati chilembo cha V, ina pambuyo pa inzake. Zonsezi zinali pamaso panga, tochi ikuwala. Ine ndinaona chikasu chokha.

Masiku otsatira ndinangokhalira kupeza maumboni ondivomereza. Makoswe anachepa, ndipo zimenezo zinali zoona. Njokayo sinkasuntha, m'mawa tinkaipeza pamene tinaisiya dzulo, ndipo ine ndinkati, "Mwaona kufatsa kwake?" Sindinkadziwa kuti kumeneko ndiko kusaka kwa mphiri. Imasankha malo pamene makoswe amadutsa, n'kugona pomwepo masiku ambiri osagwedezeka, kudikira kuti chakudya chidzibweretse chokha. Umboni umene ndinkaudalira kwambiri unali wa galu. Galu wa pafamupo amauwa chilichonse chokwawa, ngakhale buluzi, koma ankalowa m'kanyumbamo, kununkhiza matumba, n'kutuluka osachita kanthu. Ndinkauza mnyamata uja kuti galu amadziwa njoka yoipa. Patapita nthawi ndinadzamva kuti mu 2015 akatswiri a ku yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg anafalitsa zimene anapeza atayesa agalu ophunzitsidwa kununkhiza: agaluwo ankazindikira fungo la njoka zina, koma la mphiri ankalephera. Mphiri imabisala kumaso ndi kumphuno komwe. Kukhala chete kwa galu uja kunali chizindikiro cha mphiri, ine n'kukuwerenga mozondoka.

Ambuya sanakanganenso nane. Anangosiya kulowa m'kanyumbamo, ndipo anauza mnyamata uja kuti azivala jombo nthawi zonse. Ndinaziona zimenezo, ndipo zinandipweteka mumtima ngati kuti akundinyoza pamaso pa mwana. M'malo mofunsa chifukwa chake, ndinayamba kulowamo ndekha kukatenga gaga, kuti onse aone kuti palibe choopsa.

Thole limene linafa linali lalikazi, la ng'ombe yopatsa mkaka wambiri kuposa zonse, ndipo amayi ankaliwerengera kuti ndilo lidzakulitse khola. Pansi pa khoma lolekanitsa kanyumbako ndi khola la matole panali mpata umene makoswe anakuza, ndipo gaga ankatayikira pamenepo. Thole lija linazolowera kunyambita pampatapo. Tsiku lina m'mawa tinalipeza mutu utatupa mpaka maso kutsekeka, likupuma movutikira, malovu ali chuchuchu. Wazachipatala cha ziweto atafika anatsegula mlomo wake n'kutionetsa timabala tiwiri pamwamba pa mphuno, tikutuluka madzi osakanikirana ndi magazi. Anati ndi njoka ya ululu wotupitsa. Linafa dzuwa lisanalowe.

Apa ndi pamene ndimachita manyazi kwambiri. Ndinaona mpata uja, ndinaona mabala aja, koma ndinauza amayi kuti nsato ilibe ululu, choncho iyenera kuti ndi njoka ina yochokera kutchire. Mumtima mwanga kukayika kunali kutalowa kale. Kuvomera kukanatanthauza kunena pamaso pa amayi, ambuya ndi mwana uja kuti thole lafa chifukwa cha ine, ndipo ndinalephera. Amayi sanandikalipire. Anangoti, "Kaya ndi nsato kaya ndi chiyani, mawa ndisaipeze muno." Ambuya anatchulanso zoitana anthu odziwa. Ine ndinati palibe chifukwa chotayira ndalama, ndiinyamula ndekha m'thumba ndikaisiye kudambo. Ndinkafuna kuti anthu akandiona nditaigwira ndi manja, nkhani ya thole ithe.

Anali madzulo a tsiku lomwelo, titatha kukama, magetsi kulibe. Mnyamata uja anagwira foni kuti aziunikira ali chapatali. Ndinasuntha belo ndi phazi, thumba la gaga lopanda kanthu lili kudzanja lamanzere, n'kuwerama kuti ndiigwire kumbuyo kwa mutu monga ndinaonera anthu akugwira nsato. Pamenepo inadzikweza pang'ono, thupi n'kufufuma, n'kutulutsa mpweya mwamphamvu: fuuu! Phokoso limenelo ndinalidziwa nthawi yomweyo. Ndi lomwe lija la m'minda ya ku Katete, limene atate akalimva ankatikoka malaya kutibweza m'mbuyo. Khungu linali lachilendo, koma mawu anali a mphiri. Dzanja linali litafika kale. Sindinaione ikuluma, ndinangomva moto pachala, njokayo n'kukhala itabwerera kale pamalo pake.

Zimene zinatsatira ndinazilamula ndekha, ndipo chilichonse mwa izo chinali cholakwika. Ndinauza mnyamata uja kuti andimange mphira ya chubu cha njinga pamkono, molimba, kuti ululu usakwere kumtima. Ndinatenga lezala n'kutema pabalapo kuti magazi oipa atuluke. Mkazi wanga, amene anabwera akulira atamva phokoso, anathamangira kwa munthu wina wa m'mudzi woyandikana nafe amene ali ndi kamwala kakuda kamene amati kamayamwa ululu, ndipo tinakhala pansi kumudikira. Umu ndi mmene ndinaonera akulu akuchitira kwathu. Amayi ndi amene anathetsa zonsezo. Anafika ndi galimoto ya mnansi wathu n'kunena mawu amodzi okha: "Kwerani." Panthawiyo chala chinali chitada, dzanja lonse litatupa, ndipo ululu wake unali woti sindinkatha kuyankha munthu akandifunsa.

Pakiliniki yoyamba analibe mankhwala a njoka. Namwino anayang'ana mphira ija n'kupukusa mutu, anaimasula, anandipatsa mankhwala ochepetsa ululu, n'kulemba kalata yotitumiza ku Lusaka. Tinadutsa msewu wa Leopards Hill usiku, mkazi wanga atandigwirira mkono pamiyendo pake. Kuchipatala chachikulu anandiika diripi, ndipo dokotala anatenga cholembera n'kujambula mzere pamkono pamene kutupa kunalekezera, n'kulembapo nthawi. Akabweranso ankapeza kutupa kwadutsa mzerewo, n'kujambula wina. Mizereyo inakwera mpaka kupitirira chigongono. Atandilowetsa mankhwala a njoka m'mitsempha, namwino sanachoke pambali panga, chifukwa mankhwalawo amachokera m'magazi a mahatchi ndipo thupi la munthu lina limawakana mwadzidzidzi.

Dokotalayo anali mayi wachitsikana, wa msinkhu wa mlongo wanga wamng'ono, ndipo anandiyankhula mosabisa. "Bambo, ululu wa mphiri suthamangira kumtima monga mukuganizira. Umawononga minofu ndi mitsempha ya magazi pamalo pamene walowa. Mukamanga mphira mumautsekera pamalo amodzi, komanso mumamana chala magazi. Mukatema ndi lezala mumatsegulira tizilombo khomo, magazi n'kumangotuluka osaundana." Anati sakanalonjeza kuti chalacho chikanapulumuka ndikanafika msanga, koma zimene ndinachita zinachepetsa mwayi umene unalipo. Zoyenera zinali zochepa: kuchoka pafupi ndi njoka, kuvula mphete ndi chilichonse chothina, kusagwedeza mkono, ndi kuthamangira kuchipatala. Mkono anaupulumutsa. Chala chinauma, chinayamba kununkha, ndipo anachidula.

Ndili chigonere m'chipatalamo, mwana wa amayi amene amaphunzira ku Lusaka ankabwera kudzandiona, ndipo ndi iye amene anandiwerengera zambiri pafoni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati chaka chilichonse anthu pakati pa 81,000 ndi 138,000 amafa atalumidwa ndi njoka, ndipo otsala ndi chilema kapena odulidwa ziwalo ndi ochuluka pafupifupi katatu kuposa pamenepo. Mu 2017 bungweli linaika kulumidwa ndi njoka pa mndandanda wa matenda a m'maiko otentha amene dziko limawanyalanyaza, ndipo mu 2019 linakhazikitsa cholinga chochepetsa ndi theka imfa ndi zilema zimenezi pofika 2030. Anthu ake ndi ife: olima, oweta, otola nkhuni, ana oyenda opanda nsapato. Mankhwala odziwika kwambiri kuno kum'mwera kwa Africa amapangidwa ku Johannesburg pobaya mahatchi ululu wa mitundu 10 ya njoka, mphiri ili m'gulu, ndipo zaka zapitazi akhala akusowa ngakhale ku South Africa komweko. Ine ndinawapeza. Wina amene analumidwa usiku womwewo kutali ndi tauni mwina sanawapeze, ndipo iyeyo sanaitane njoka yake monga ndinachitira ine.

Njoka ija anaipha usiku womwewo anyamata a m'mafamu oyandikana nafe, ndi makasu. Inandimvetsa chisoni. Inakhala nafe nthawi yonseyo ikudya makoswe, ndipo inaluma kawiri kokha: pamene mphuno ya thole inaigunda, ndi pamene dzanja langa linaitsatira. Tikanamvera ambuya ikanatengedwa yamoyo. Mnyamata uja anaijambula itafa, ndipo chithunzicho ndinakhala nacho m'foni, ndikuchiyang'ana mobwerezabwereza, osamvetsa kuti mphiri ingaoneke bwanji chotero.

Bala litapola ndinapita nacho ku Kalimba Reptile Park, kunja kwa Lusaka, kumene amasunga ng'ona ndi njoka kuti anthu aziona. Wosamalira njoka wina anachikulitsa ndi zala n'kundionetsa mchira. Anati mchira wautali chonchi ndi wa yaimuna. Yaikazi imakhala ndi mchira waufupi. Zazimuna nthawi zambiri zimawala kuposa zazikazi, ndipo njoka iliyonse ikangofundula khungu lake limaoneka latsopano, pamene ikatsala pang'ono kufundula imachita mbuu. Anandifunsa kuti mphiri za kwathu ndinkaziona nyengo yanji. Nditamuuza za mbewa ndi lupsa, anati njoka yogona m'fumbi ndi m'phulusa miyezi yopanda mvula singaoneke mofanana ndi imene yafundula kumene pamalo ouma ndi oyera, ili yokhuta. Atate sananame. Ananena zimene maso awo anaona, pamalo amodzi, nyengo imodzi.

Kenaka anafika pa nkhani ya malo, imene inandigwira mtima kwambiri. Mphiri, imene m'mabuku amaitcha Bitis arietans, ndi imodzi mwa njoka zofala kwambiri mu Africa. Imapezeka kuyambira kum'mwera kwenikweni ku Cape mpaka ku Senegal ndi ku Somalia, kupatula m'nkhalango zowirira za mvula yambiri ndi m'chipululu chenicheni. Iliko kum'mwera kwa Morocco, kutsidya la Sahara, yotalikirana ndi zinzake zonse, ndiponso kutsidya kwa Nyanja Yofiira, ku Arabia. Njoka yofalikira chotero singavale chovala chimodzi. Za m'madera ena a ku Cape ndi za m'mapiri a kum'mawa kwa Africa zimadziwika ndi chikasu chowala ndi kuda kwambiri, pamene za m'madera ouma zimakhala zotuwa, zofanana ndi mchenga kapena dothi la kumeneko. Chifukwa chake n'chosavuta kumva: njoka yodalira kubisala ikasiyana ndi nthaka imene yagonapo, ziwombankhanga ndi adani ena amaiona msanga, ndipo imene yafanana ndi nthakayo ndi imene imatsala n'kubereka. Msinkhu nawo umasiyana. Zambiri zimatalika pafupifupi mita imodzi, za ku Saudi Arabia kawirikawiri sizipitirira masentimita 80, koma zilipo zina zimene zinayezedwa n'kufika masentimita 190. Za ku Somalia ndi kumpoto kwa Kenya akatswiri anazipatsa dzina lakelake, somalica, chifukwa mamba a pansi pa mchira wake ndi osiyana ndi a zinzake.

Kusiyanaku sikuthera pakhungu. Mwana wa amayi uja anadzandipezera zimene Axel Barlow, Wolfgang Wüster ndi anzawo anafalitsa mu 2013, atayeza DNA ya mphiri zambiri za kum'mwera kwa Africa. Anapeza kuti zili m'mafuko angapo. Kalekale, nyengo ya dziko itazizira ndi kuuma, mphiri zinatsala m'madera ochepa otalikirana mmene zikanatha kukhala, fuko lililonse n'kumasintha palokha. Kutafundanso zinafalikira n'kukakumana. Ndiye kuti mphiri ziwiri zikhoza kukhala za mtundu umodzi koma makolo ake atasiyana njira zaka zikwi zambiri zapitazo. Ululu nawonso si umodzi. Mu 2010 akatswiri a ku Liverpool School of Tropical Medicine anayerekeza ululu wa mphiri zochokera m'maiko osiyanasiyana n'kupeza kuti zimene zili mu ululuwo zimasiyana dera ndi dera, ngakhalenso pakati pa njoka za dera limodzi. Nkhani imeneyi imandikhudza ine mwini, chifukwa mankhwala amapangidwa kuchokera ku ululu wa njoka za malo ena ake, pamene wolumidwa ali ku Chongwe kapena ku Chadiza. Ndimalakalaka akatswiri athu a kuno atapatsidwa ndalama zoyezera ululu wa mphiri za m'Zambia muno, chigawo ndi chigawo, kuti dokotala akamabaya munthu azidziwa kuti mankhwalawo anayesedwa pa njoka yathu.

Ku Kalimba komweko ndinamva za abale ake a mphiri amene tili nawo m'dziko muno. Kumpoto, m'nkhalango za ku Copperbelt, North-Western ndi Luapula, kuli Bitis gabonica, yaikulu ndi yolemera kuposa mphiri yathu, ya mawanga ofanana ndi masamba ogwa, mano ake otha kufika masentimita 5. Kuli tinjoka ta mtundu wa Causus, todya achule, timene anthu ambiri amatiyesa ana a mphiri. Palinso njoka yodya mazira, yopanda ululu, imene mawanga ake amafanana ndi a tinjoka timeneti, ndipo imaphedwa kaamba ka kufananako. Zonsezi zinalembedwa ndi zithunzi zake m'buku la Snakes of Zambia limene Donald Broadley ndi anzake awiri anatulutsa mu 2003. Buku lotere likanayenera kupezeka m'chinenero chathu, m'sukulu iliyonse ya kumudzi ndi pamalo aliwonse osonkhanitsira mkaka. Chinthu china chimene ndinamva chinandizizira thupi. Mphiri siikira mazira, imabereka ana amoyo, kawirikawiri makumi angapo nthawi imodzi, aliyense ali ndi ululu kale. Ina yochokera ku Kenya, yosungidwa kumalo oonetsera nyama ku Ulaya, inabereka 156. Ija ikanakhala yaikazi, ndikanadzaza ana a mphiri m'mabelo amene mnyamata uja ankanyamula pamutu tsiku ndi tsiku.

Chithunzi chija ndinachitumiza pa WhatsApp kwa mng'ono wanga ku Katete kuti akaonetse atate, kenaka ndinaimba. Atate anayamba ndi kunena kuti, "Imeneyi ndi nsato, mwana wanga. Anakupusitsa ndani kuti ndi mphiri?" Ndinapempha mng'ono wanga kuti akulitse pamutu. Anakhala chete, kenaka anati, "Mutuwu ndi wa mphiri. Koma kuno sizivala chonchi." Ndinawafotokozera zonse zimene ndinamva. Anandifunsa kawiri ngati ndinapepesa kwa mkulu wachisoli uja, ndipo anati ndikawapatsire moni wawo.

Kupepesako ndinali nditachita kale, tsiku limene ndinabwerera pafamu. Ndinawapeza ambuya atakhala pa chitsa pafupi ndi chipata, ndinagwada, n'kunena kuti anandiuza zoona ine n'kuwatsutsa pamaso pa anthu. Anandigwira dzanja lodukalo, analitembenuza, n'kunena kuti, "Inenso ndikadaumirira, mwana wanga. Ndinaona kuti ndiwe mlendo, ndinaopa kukuchititsa manyazi." Kwa amayi ndinavomera za thole mosazungulira. Sanandichotse ntchito. Ndinawapempha kuti azidula pang'ono pamalipiro anga mwezi ndi mwezi, ndipo atakana kaye anadzavomera. Kukama kunandivuta, chifukwa chala chachikulu ndi cha mkombaphala ndizo zimatseka bere kumtunda zinazo zikamafinya. Ndinaphunziranso ndi chala chapakati, ng'ombe zikupalasa chifukwa chosazolowera kagwiridwe katsopano. Gaga tsopano timaika m'migolo yotseka, mabelo ali pathandala lokwera, kutali ndi khoma, mpata uja tinamata ndi simenti, ndipo udzu wozungulira khola timautchetcha.

Mvula itabweranso, mnyamata uja anapeza ina pafupi ndi chomwera ng'ombe, mapazi ochepa chabe kuchokera pakanyumba kaja. Imeneyi inali yotuwa, yambuu, yofanana ndendende ndi za ku Katete, mchira waufupi. Njoka ziwiri za mtundu umodzi, pafamu imodzi, zosiyana kotheratu. Amayi anaimbira munthu wogwira njoka wa ku Lusaka amene nambala yake tsopano inalembedwa pachitseko cha khola. Ine ndinamanga galu n'kutsekera ng'ombe mbali ina, ambuya anaima chapatali akuiyang'anira kuti isasowe. Munthuyo anafika ndi chopanira chachitali ndi ndowa ya chivindikiro, anainyamula pakati n'kuiika m'ndowamo, ndipo anapita nayo kukaisiya kutali ndi midzi. Amayi anamulipira ndalama ya petulo, ife tinatsegulira ng'ombe kuti zimwe.